Momwe Ndinatsala Pang'ono Kutaya Nyimbo ya kwa Gongolo

Area 23,
Lilongwe.
19 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolimbikira monga mwa chizolowezi chanu n'kumauza anthu kuti linapola? Mundiuze zoona. Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndipo chifuwa chimene munamva pa foni chija chinali cha fumbi chabe, chinatha chokha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndachitira dala. Pa foni inu mumangofunsa ngati ndadya, kenako mumati mayunitsi a mwana akutha, n'kupatsira foniyo aliyense amene akudutsa pabwalo. Sabata yatha ndinacheza mphindi zisanu ndi munthu amene mpaka lero sindikumudziwa. Pepala simungalidule pakamwa, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Ndapatsira a Saulos, amene akubwera kumeneko mawa kudzaona za denga la nyumba yawo.

Kuno kwatentha zedi. Madzi pampopi akumatuluka m'mamawa mokha, ndiye ndaphunzira kudzuka ndi nkhuku ngati ndili kumudzi. Abakha a mayi eni nyumba anandidyera mbewu ya tomato imene ndinafesa m'chitini, koma sindinadandaule mokweza poti mayiwo ndi amene amandianulira zovala ndikachedwa. Mango ayamba kuoneka pamsika, aang'onoang'ono, osafika pa a kumtengo wa kuseri kwa khola.

Munandifunsa kuti anthu akamafunsa za ntchito ya mwana wanu muziyankha chiyani, chifukwa mukati ndi ya kompyuta amaganiza kuti ndimabena nyimbo pamsika. Muziti ndimagwira ku situdiyo yojambulira nyimbo ku Kawale, kwa a Esau. Ine sindijambula. Ntchito yanga ndi kusunga ndi kulongosola nyimbo zonse m'kompyuta kuti chilichonse chizipezeka pamalo pake. Nkhani ya lero ikuonetsani bwino ntchitoyo, ndi mmene munthu angaiwonongere.

Nkhani yake ndi ya nyimbo ya kwaya ya amayi ya kwathu kwa Gongolo. Nyimbo imeneyo inatsala pang'ono kutayika dzulo majaji asanaimve, ndipo wotaya wake ndinali ine mwana wanu.

Mukukumbuka kuti a Esau analengeza pa pulogalamu yawo ya pawailesi kuti makwaya a m'chigawo chapakati atumize nyimbo imodzi imodzi, ndipo majaji atatu adzasankhe makwaya khumi ndi awiri oti adzajambulitse kuno mwaulere ndi kumveka pawailesi. Achimwene a Levi anandiimbira mwezi watha kuti anajambula amayi a kwathu ndi foni yawo, n'kupalasa njinga mpaka ku Kasinje kukasaka netiweki yotumizira. Ananena zimenezo basi, sanawonjezepo kanthu.

Nyimbo zikatumizidwa sizifika m'manja mwathu. Zimakakhala pa intaneti, iliyonse ndi adiresi yake, ndipo pamafunika munthu wozitsitsira m'kompyuta ya ku situdiyo. Munthuyo ndinali ine. Anandipatsa mndandanda wa maadiresi 140, ndipo ndinayamba kutsitsa imodzi imodzi ndi manja.

Inali ntchito yowawa. Netiweki imaduka, magetsi amathima, ine n'kuiwala pamene ndinalekezera, n'kutsitsanso zomwe ndinatsitsa kale. Ndiponso anthu athu sakhulupirira kuti chinthu chapita ngati sanachione chikukwera basi, ndiye makwaya ambiri anatumiza nyimbo yomweyo kawiri kapena katatu. Nyimbo ina ya ku Dowa ndinapeza kuti ndaitsitsa kanayi. Bandulo ya ku ofesi inatha kawiri m'masiku atatu, ndipo a Esau anayamba kundiyang'anira pamwamba pa magalasi.

Amene anandipulumutsa ndi a Asani, omwe amajambula nyimbo kuno. Ndi bambo wa ku Mangochi, wa imvi m'ndevu, Msilamu wosaphonya pemphero, koma kwaya ikamayimba amadziwa msanga mayi amene watsetsereka pa alito kuposa mtsogoleri wa kwayayo. Anandiyang'ana ndikuvutika n'kundiuza kuti munthu wochita chinthu chimodzi ka 140 ndi manja, kompyuta ili pomwepo, akuinyoza kompyutayo. Anandiphunzitsa kulemba chimene amachitcha sikiripiti. Ndi kakalata kakafupi ka malangizo kamene umalembera kompyuta pa sikirini yakuda, iyo n'kumatsatira mzere ndi mzere popanda kutopa.

Musawodzere apa Amayi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Adiresi ya nyimbo imaoneka chonchi:

makwaya/salima/chipoka/tamandani.mp3?t=4471

Timizere topendekekato timalekanitsa zigawo. Chigawo china ndi boma, china ndi dera kapena mudzi, chomaliza ndi dzina la nyimbo. Zimene zili kutsogolo kwa chizindikiro cha funso ndi mchira chabe, ndipo mchirawo umasintha nthawi iliyonse imene munthu watumiza, ngakhale nyimbo ikhale yomweyo. N'chifukwa chake maadiresi awiri amatha kuoneka osiyana pamene katundu wake ndi mmodzi.

Choncho malangizo anga kwa kompyuta anali awa. Itenge adiresi, idule mchira. Itaye zonse mpaka pa kamzere kopendekeka komaliza, kuti patsale dzina lokha. Pali liwu limodzi limene iyo imamva, lakuti basename, lomwe ntchito yake ndi yomweyo. Kenako iyang'ane m'nkhokwe yathu ngati muli kale nyimbo ya dzina limenelo. Ngati ilimo, idumphe. Ngati mulibe, itsitse.

Mizere isanu ndi inayi yokha, ndipo ndinailemba ndekha Lachitatu, a Asani atangondikonzera malo awiri. Mayankho a kompyuta ndinawalemba m'Chichewa dala. Lachinayi m'mawa nditaiyambitsa, ndinangopinda manja n'kumaona ikulemba yokha kuti yatsitsa, kapena kuti ilipo kale yadumpha. Magetsi atathima n'kuyakanso, inapitiriza pamene inalekezera popanda kubwereza ngakhale imodzi. Isanakwane nthawi ya chakudya chamasana inali itamaliza, nyimbo 52 zili pamalo pake, bandulo ikadalipo.

Ndinaganiza kuti makwaya onse ndi 52 ndipo zotsalazo zinali zobwereza. A Esau anandiyamikira pamaso pa aliyense, n'kundigulira chipisi cha nyama. Madzulo ake ndinayenda pa msewu wa ku Kawale ngati msewuwo anapangira ine. Ndinaiwala kuti kuthamanga sikufika.

Dzulo Lachisanu majaji amayenera kufika 2 koloko masana. Cha m'ma 10 koloko ndinalibe chochita, ndipo ndinangomva kusowa kwathu. Ndinati ndimveko azakhali anaGama akutsogolera amayi, mtima ukhale pansi. Ndinapeza adiresi ya kwa Gongolo pamndandanda, n'kuona kuti ikuthera ndi dzina lakuti nyimbo.mp3. Ndinatsegula nyimbo ya dzina limenelo, mahedifoni ali m'makutu. Munatuluka kiyibodi, ng'oma ndi mabesi a anyamata a ku Dedza.

Poyamba ndinawanena achimwene mumtima kuti atumiza zolakwika, ndipo mundipepesere kwa iwo. Kenako ndinabwerera pamndandanda n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Makwaya 36, ochokera m'maboma osiyanasiyana, onse anatcha nyimbo yawo kuti nyimbo.mp3. Sikiripiti yanga inatsitsa yoyamba ya ku Dedza ija, ndipo ena onse 35 inawauza kuti alipo kale. Ndinachita ngati mlangizi wa kusikelo amene waitana anaPhiri, mmodzi n'kudzuka, iye n'kutseka buku kuti anaPhiri onse athandizidwa.

Ndinazizidwa dzuwa likuswa mtengo. Ndipo ndikuuzeni zimene sindinauze munthu wina. Maganizo amene anayamba kubwera anali akuti nditsitse ya kwathu yokha mwakachetechete, ndiiponye pakati pa zinazo, nkhani ithere pompo. Palibe akanadziwa. Chiyamiko changa chikanakhala chilipobe, ndipo dzanja ndinali nditaika kale pa mausi.

Chinandiletsa ndi chakuti amayi a kwathu ndimawadziwa. Ndikudziwa kuti tsiku lojambula anachapa yunifolomu ndi kusita mipango, ngakhale foniyo inkatenga mawu okha. Ndiye ndinaganiza kuti ku Mchinji ndi ku Ntchisi kulinso amayi amene anasita mipango yawo, ndipo iwo alibe mwana ku Kawale. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinadzuka n'kukawauza a Asani.

Iwo sanakalipe. Anati theka la mlanduwo ndi lawo, chifukwa anandiphunzitsa kufunsa munthu dzina osamufunsa kwawo. Anatinso kompyuta ndi wantchito womvera mopyola muyeso, imachita zimene wanena osati zimene umatanthauza. Tinakonza limodzi kuti m'malo motenga chigawo chomaliza chokha, izitenga zitatu n'kuzilumikiza, boma, mudzi ndi dzina. Ya kwathu inakhala ntcheu_gongolo_nyimbo.mp3, dzina limene palibe wina angalilande. Tinapatulanso maadiresi a makwaya odumphidwa aja okha, kuti nyimbo 52 zija zisatsitsidwenso.

Kunatsala kukawauza abwana. Ndinalowa mu ofesi n'kuwauza kuti chiyamiko cha Lachinayi chija achibweze chifukwa makwaya 35 mulibe m'kompyuta. Anavula magalasi. Kenako anafunsa kuti zingatheke bwanji kuti anthu osadziwana, a ku Kasungu ndi a ku Ntcheu, apangane dzina limodzi.

A Asani anatulutsa foni n'kuwaonetsa uthenga umene unapita kwa makwaya onse, wolembedwa ndi a Esau eni ake. Unkati nyimbo ipatsidwe dzina isanatumizidwe, mwachitsanzo nyimbo.mp3. Anthu anangokopera chitsanzocho ndendende. A Esau anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti anthu a kwathu kuno ndi aulemu, wamkulu akapereka chitsanzo sachisintha. Muwauze achimwene kuti mbiri yawo ya ku pulayimale, yokopera kalata ya pabolodi mpaka dzina la aphunzitsi, yafika tsopano ku Lilongwe.

Atamaliza kuseka analankhula zosasekesa. Anati majaji sangasinthidwe tsiku chifukwa mmodzi amanyamuka lero kupita ku Kasungu, ndipo anagwirizana kuti akhala mpaka 4 koloko basi. Nyimbo imene idzakhale isanafike pa nthawiyo ndiye kuti yatsala. Mndandanda unali woyalidwa motsatira maboma, kuyambira Dedza, ndipo Ntcheu ali cha kumapeto.

Ndikanatha kuikweza ya kwathu pamwamba, koma nditakana kuba m'mawa sindikanaba masana. Ndinausiya mndandanda mmene unalili.

Masana netiweki ya ku Kawale imayenda ngati nkhalamba yopita kumaliro. Malo amene imagwira bwino ndi pa zenera la kuseri, ndiye tinaika foni yopereka intaneti m'jumbo n'kuimangirira kuchitsulo cha zeneralo. A Asani popita kumzikiti ananena kuti akapemphererakonso netiweki, ndipo anabwerera akuthamanga, chakudya osadya. Majaji atafika anayamba ndi nyimbo 52 zija, kumva pang'ono iliyonse, pamene zinazo zinkatsika imodzi imodzi kuchipinda chathu. Ine maso anali pa sikirini yakuda ndi pa wotchi ya pakhoma. Dowa inadutsa, Kasungu inadutsa. Pa Mchinji inaima mphindi khumi, ndipo ndinapemphera mapemphero onse amene munandiphunzitsa.

Nyimbo iliyonse ikafika ndinkaimvetsera pang'ono kuti nditsimikize kuti ndi yathunthu. Ya kwathu inafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane. Ndinaitsegula. Munayamba kumveka achimwene akuuza amayi kuti ayambe, kenako tambala, kenako azakhali anaGama ndi gulu lonse pa nyimbo yawo yatsopano ija ya powolokera mtsinje. Ndinamwetulira ndekha. Ndiye ndime yachiwiri itafika, onse anatsitsa mawu, n'kutsala munthu mmodzi.

Amayi, ndinakudziwani musanamalize liwu loyamba.

Chimwalirire Bambo zaka ziwiri zapitazo sindinakumvenipo mukuyimba. Yunifolomu munaiika pansi pa sutikesi, ndipo azakhali atabwera kudzakutengani munati pakhosi panatseka. Pa Khirisimasi nditabwera, mutchalitchi munkangoyendetsa milomo. Ine ndinali nditavomereza kuti basi zinatha. Palibe anandiuza kuti munabwerera, inu kapena achimwene, ndipo mlandu umenewo tidzaukamba pamaso.

Ndinalira mahedifoni ali m'makutu. A Asani anabwera msangamsanga poganiza kuti nyimbo yafika yoduka. Atandiyang'ana kumaso anangondipatsa kampango kawo n'kukaima pakhomo kuti wina asalowe mpaka nditapukuta.

Kwa majaji sindinanene kuti ndi ya kwathu. Ndinalowa nayo ngati zinazo, n'kuiyatsa, maso ali pansi. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wachikulire wa ku Likuni amene anaphunzitsa nyimbo kusukulu mpaka kupuma, ndipo tsiku lonse sanamwetulireko. Tambala atalira anati ngakhale ameneyo walowa pa kiyi yoyenera, anthu n'kuseka. Ndime yachiwiri itatha anakweza chala kuti ndibwereze. Itathanso ananena kuti mayi ameneyo sakuyimbira majaji, ndipo n'chifukwa chake akufuna kumumvanso. Ine ndinangoluma mlomo.

Za ku Ntchisi ndi ku Salima zinafika 4 koloko itadutsa pang'ono, koma mayi yemweyo anati sadzuka pampando mpaka amve kwaya yomaliza, ndipo majaji anzake awiri aja sanayerekeze kutsutsa. Makwaya onse 87 anamveka, palibe amene anatsala.

Anatitulutsa kuti akambirane okha. Cha m'ma hafu 5 a Esau anatuluka ndi pepala n'kuyamba kuwerenga. Dzina lachisanu ndi chinayi linali Gongolo.

Mwasankhidwa, Amayi. Ndalemba mawu amenewa ndikuseka ndekha m'nyumba, moti mayi eni nyumba asuzumira pazenera kufunsa ngati kwabwera mlendo. Mwa makwaya khumi ndi awiri osankhidwawo, asanu ndi ochokera mwa aja amene sikiripiti yanga inawadumpha. Ndikaganiza kuti ndikanapanda kusowa kwathu dzulo m'mawa onsewo akanatayika osadziwa chifukwa chake, thupi limachita tsemwe.

Zonse zitatha ndinawauza a Esau kuti wa ndime yachiwiri uja ndi mayi anga ondibala. Anati ndinachita bwino kukhala chete, chifukwa akanadziwa akananditulutsa m'chipindamo. Anandilola kuti ndikhale woyamba kukuuzani. Uthenga wa ku ofesi ufika pa foni ya achimwene Lolemba, choncho mukawerenga kalatayi pitani nokha mukawauze azakhali anaGama, ndipo muwakhazike pansi kaye musananene.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Tsiku lojambula ndi Loweruka pa 9 Novembala. Minibasi idzatenga kwaya yonse pa Kasinje Lachisanu masana. Ndikupempha kuti mudzakweremo.

Ndikukudziwani. Mudzati mizere sinathe ndipo mvula ili pafupi. Mudzati mbuzi zilibe woziyang'anira. Tsiku likamayandikira mudzati ndime ija angayimbe mayi wina wa mawu abwino kuposa inu, ndipo mudzamuphunzitsa nokha kuti musapite. Mizere achimwene amaliza, ndawalembera kale. Mbuzi sizinafepo ndi masiku awiri. Za mayi winayo musayambe n'komwe, chifukwa majaji sanasankhe mayi wina.

Amayi enawo adzagona kutchalitchi ku Kawale, koma inu mudzagona kuno kwanga. Chipinda n'chimodzi, koma matiresi ndi aakulu, ndipo simunaonepo kumene mwana wanu amakhala. A Asani alonjeza kuti pa ndime yachiwiri adzandikhazika pampando wawo, kuti makina okweza mawu anu ndidzawagwire ine.

Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndi mantha amene sindinakuuzeni, akuti tsiku lija tinaika Bambo pamodzi ndi mawu anu. Dzulo ndadziwa kuti sizinali choncho, ndipo sindinasangalalepo chotere chibwerere kuno. Ndawamva kudzera pa foni ya m'jumbo. Bwerani ndidzawamve muli pamaso panga.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Levi ndi alamu anga, komanso ana awo onse atatu. Moni kwa azakhali anaGama ndi amayi onse a kwaya, muwauze kuti ayambe kuyeserera madzulo aliwonse. Moni kwa amalume ndi akunyumba kwawo, ndi kwa achemwali a Emmie mukapeza wopita ku Bilila. A Asani ndi a Esau akuperekanso moni, ngakhale sanakuoneni, akuti akukudziwani kale.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pa 8. Yankho ndikulifuna la liwu limodzi.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Zipora